Chifukwa Chake Ogula Nkhumba Amafunsa za Make

Imvani ana inu. Kalekale, makola asanakhale ndi zitseko, nkhumba zonse zinali mtundu umodzi. Palibe amene ankafunsa kuti iyi inabadwa kwa yani.

Kutsidya kwa dambo lina kunali akazi awiri, mkulu ndi mng'ono wake, Msatero ndi Ndaziona. Mayi awo atamwalira anawasiyira tiana ta nkhumba tisanu ndi kamodzi. Msatero, pokhala wamkulu, anayamba kusankha, ndipo anatenga titatu tonenepa. Ndaziona anatsala ndi tiwiri tapakatikati ndi kena kakuda, kowonda, kokankhidwa pa bere.

Chaka chilichonse Msatero ankasunga mbewu kwa nkhumba yofulumira kukula, zinazo n'kugulitsa. Posakhalitsa zake zinafika poti amuna anayi ankalephera kunyamula imodzi.

"Iwe Ndaziona," ankatero poseka, "ukuweta nkhumba kapena mbewa?"

Kenaka kunagwa mliri. Nkhumba inkasiya madeya m'mawa, dzuwa likamapendeka yauma. Anthu anayamba kupha zawo zisanadwale kuti apezeko nyama. Kwa Ndaziona zonse zinafa, kunangotsala kakuda kaja, nakonso kali gone, kakunjenjemera.

Mwamuna wa Ndaziona, Chikadza, anabwera ndi mpeni.

"Mayi, tipheretu aka. Ana alaweko mafuta."

"Mafuta ake ati, bambo? Mukuwaona penapake?"

"Nanga kakafa?"

"Kakafa tikwirira. Koma mukakapha, khola lino latha."

Chikadza anaponya mpeni pansi n'kuchoka akung'ung'udza. Ndaziona ankakamwetsa madzi ndi chipande, masiku asanu ndi atatu. Tsiku lachisanu ndi chinayi anakapeza kakufukula pansi pa mpanda.

Kankhumbako sikanakule kwenikweni. Mphamvu zokulira kanazithera pa nkhondo ija. Koma ana ake anatengera make: aafupi, aubweya, ochedwa kukula, osagwa chisawawa. Mliri utabweranso, ambiri anadzuka.

Kwa Msatero mliri wachiwiriwo unasiya yaikazi imodzi yokha, imene anaitsekera kutali kumunda. Anafika kwa mng'ono wake m'mamawa, mpango uli m'manja.

"Mng'ono wanga, undibwereke yamphongo."

"Mbewa ija, akulu?"

"Yomweyo."

Ana obadwa pamenepo anasokoneza mudzi. Ena anakula ngati make, ena analimba ngati bambo wawo, ena anatenga pang'ono uku pang'ono uku. Ali pa bere onse ankafanana, ndipo zimene aliyense anabisa m'magazi palibe ankaziona ndi maso.

Ndi chifukwa chake lero kuli nkhumba zikuluzikulu zofuna khola losesa ndi mankhwala, kulinso zing'onozing'ono zongodziyendera. Ndipo munthu wodziwa akamagula kankhumba sakhutira ndi kukanyamula kuti amve kulemera. Amaima pakhola n'kumafunsa ngati akufunsira mbeta: "Make ndi uti? Nanga bambo wake? Chaka cha mliri, kwawo kunatsala ndani?"