Gologolo ndi Madzi Oyamba

Kale, chaka chija anankafumbwe anamaliza nkhokwe dzinja lisanafike pakati, Gologolo anatsala ndi mphika, chipanda ndi njala. Mkazi wake, Nasimango, anali atamwalira m'chilimwe. Iyeyo ndiye ankaphika. Gologolo ankangokhala pamwala pafupi ndi mafuwa, n'kumamvetsera mkaziyo akulankhula ndi miphika yake. Kuphika sanaphunzire. Anangosunga mawu.

Chimanga chinali chikadali m'mawondo. Kuti afike nthawi ya dowe ali moyo, anafunika kudya za wina.

Kutsidya kwa khwawa kunkakhala Nguluwe, mwini nkhokwe yokhayo imene inapulumuka. Mkazi wake anali atapita kwawo kumapiri kukachira, motero Nguluwe ankadziphikira yekha. Ankadyanso yekha. Mlendo akafika, iye ankalozetsa msana kukhomo n'kumatafuna mofulumira.

Gologolo anawoloka khwawa pang'onopang'ono, akupumira m'njira.

"Odi, achimwene!"

"Eee, fika. Koma ndiwo n'zochepa," anatero Nguluwe asanacheuke n'komwe.

"Sindinadzere ndiwo. Ndadzera nkhwani amene mukumuzunzayo. Mwamuponya mumphika osamusadzula. Ulusi wakewo sukukutsamwani?"

Nguluwe anacheuka. Anali atatsokomola masiku angapo osadziwa chifukwa chake.

Gologolo anamuonetsa kusadzula nkhwani, kuthira chidulo pang'ono kuti masamba afewe, kuwaza nsinjiro pamwamba n'kuvundikira, osavundula mpaka zitawira. Zonsezo zinali za Nasimango, ndipo zinali zoona. Kenako anaonjezapo zake.

"Mtedza wosinja muzisankha, achimwene. Wonenepawu ndi mafuta okhaokha, umaletsa ndiwo kugwirana. Odziwa amasinja wofotawu."

"Nanga wonenepawo?"

"Amataya. Kutali ndithu, kuti nyerere zisazolowere pakhomo. Bweretsani kuno, ndikutayirani popita."

Tsiku limenelo Nguluwe anadya mpaka kunyambita mphika. "Mphwanga, mawa ubwerenso," anatero akupukuta mlomo. Mbale sanamupatse.

Gologolo anakadyera mtedzawo m'mphako mwake. Sanaseke. Panalibe woseka naye.

Atabweranso anapeza Nguluwe atakwinya nkhope pamwamba pa mtsuko.

"Thobwa la mayi a kunyumba limatsekemera. Langali likungokhala ngati phala la odwala."

"Chimera mumathira phala lili bwanji?"

"Likubwata."

"Ndiye mumachipha chimeracho. Dikirani lizizireko, mpaka muthe kuviikamo chala osakuwa. Pamenepo thirani, takasani, vundikirani. Lisungunuka lokha. Kenako muliwiritsenso, ligone."

Nguluwe anachita zomwezo. M'mawa mwake thobwa linali kununkhira mpaka kukhwawa, ndipo Gologolo anafika ndi chipanda chake.

"Musamwe kaye! Lapamwambalo ndi thukuta la mtsuko. Limatupitsa miyendo."

Nguluwe anayang'ana timiyendo take. "Thukutalo limalekeza pati?"

"Apa." Gologolo analoza m'khosi mwa mtsuko. Anayang'ana chipanda chake, chala n'kutsika. "Kapena apa. Kwatentha masiku ano, mtsukowu wavutika."

Choncho masiku anapita. Gologolo ankabwera ndi mawu amodzi oona ndi amodzi abodza, n'kubwerera ndi chipanda chodzaza. Sananenepe, koma nthiti zinaleka kuonekera. Tsiku la nyemba anaphunzitsa Nguluwe kuziviika kaye m'madzi ndiponso kuthira mchere pomalizira.

"Ndipo msuzi woyambawo mukhuthule. Ndiwo umaliza m'mimba."

"Nanga nyemba zimene zatsatira msuziwo?"

"Zisiyeni zipite. Zimenezo ndiye zimayambitsa phokosolo."

Nguluwe anakanda kumutu. "Koma zotaya zachuluka pakhomo pano, mphwanga."

"Kuphika bwino n'kutaya, achimwene. Malemu ankatero."

Malemu sanatero n'kamodzi komwe. Anali munthu wopala nkhoko mpaka mphika kulira. Pobwerera, mawu amenewo anamulemera Gologolo kuposa chipanda.

Tsiku lina anapeza Nguluwe akusenda nyemba zikuluzikulu zimene Gologolo anali asanazionepo.

"Kalongonda," anatero Nguluwe monyadira. "Atumiza apongozi kuchokera kumapiri. Ndipo ukudziwa? Iwonso akuti zomwe umanena iwe. Akuti madzi oyamba kutaya. Achiwiri kutaya. Kuwiritsa, kutaya, kuwiritsa, kutaya, mpaka dzuwa lipendeke."

Gologolo anadabwa. Lamulo lotaya madzi analipanga yekha, tsiku la nyemba, ali ndi njala. Tsono lafika bwanji kumapiri? Anaganiza pang'ono, n'kumwetulira. Ndiye kuti kumapiri kulinso gologolo wina wokhala ndi chipanda, ndipo ameneyo ndi katswiri, poti iye amatenga mpaka kangapo pa mphika umodzi.

"Apongozi anu ndi odziwa zinthu," anatero. "Khuthulirani muno."

Madziwo anali akuda bii. Gologolo anaona ngati ndi kukoma kwake kumeneko. Anatolanso kalongonda wina wosapsa amene anagwera m'chipandamo, n'kunyamuka. Sanafike kumphako. Anakhala pansi pa mkuyu, m'mbali mwa khwawa, n'kumwa. Madziwo anali owawa. Anati n'chifukwa choti alibe mchere, namwanso. Kenako anatafuna kalongonda uja.

Posakhalitsa mkuyu unayamba kuzungulira. Khwawa linaimirira. Gologolo anafuna kukwera mumtengo, koma mitengo inali iwiri, ndipo anasankha umene kunalibe. Anasanza mpaka kumva ngati mchira utulukira kukamwa. Anaitana Nasimango. Atadikira, anamuitananso.

Anamuyankha ndi Nguluwe, amene anatsikira kukhwawa kudzatunga madzi ena a mumphika.

Nguluwe anaima nthawi yaitali. Anayang'ana Gologolo, anayang'ana chipanda, anayang'ananso makoko a mtedza wotaya uja amene anali mbwee pansi pa mkuyuwo, pomwe Gologolo ankapumira masiku ena pobwerera. Anangomunyamula n'kukamugoneka pakhonde, n'kumamumwetsa madzi ofunda mpaka maso atasiya kutembenuka.

"Wamweranji, mphwanga?"

Gologolo anafufuza bodza m'mutu mwake. Linali litatsalamo limodzi lokha, lotopa ngati mwini wake.

"Ndimati ndikulawireni, achimwene. Ndione ngati apongozi anu ananena zoona."

"Iii! Ndiye ukanandifera ine?" Nguluwe anapukusa mutu. "Ndiye kuti masiku onsewa wakhala ukusenza zinthu zakupha, wekha, ndi kathupi kameneka. Ayi. Zatha lero. Zotaya ndizitaya ndekha."

"Musavutike, achimwene. Ine ndazolowera."

"Ndati zatha."

Patapita masiku Gologolo anadzuka m'mphako mwake. Anawolokanso khwawa. Fungo linamuchingamira asanafike n'komwe pabwalo: mlamba wouma, wowiritsa ndi tomato. Anali asanalimve fungo limenelo chimwalirireni Nasimango.

"Wafika bwino," anatero Nguluwe. "Khala apo uone ngati ndaphunzira."

Anaphula mphika, n'kuyenda nawo mpaka kudzenje lakuya limene anakumba kuseri kwa nyumba. Gologolo anamutsatira, chipanda chili m'manja.

"Achimwene, pa nsomba lamulo limasiyana pang'ono."

"Limasiyana bwanji?"

"Msuzi wa nsomba sukhala woopsa kwenikweni. Munthu wamng'ono akhoza..."

"Ayi, mphwanga. Sindifuna maliro pakhomo pano mayi a kunyumba kulibe."

Anapendeketsa mphika. Msuzi unatsika wofiira, wonona, ukufuka nthunzi, dothi n'kuumwa wonse. Nguluwe anakwirirapo ndi mphuno yake, napondaponda bwinobwino. Kenako anabwerera pamoto, n'kulozetsa msana kukhomo.

Gologolo anakhala pamphepete pa dzenjelo. Akanati anene kuti msuziwo unali wabwino, akanayenera kunenanso za mtedza, za thobwa ndi za nyemba, ndipo mano a Nguluwe ndi aatali. Anangoyang'ana kumunda. Chimanga chinali chitangoyamba kumasula.

"Ndataya bwino, eti?" anafunsa Nguluwe, chakudya chili m'kamwa.

"Mwataya bwino, achimwene."

Mphunzitsi aliyense amalakalaka wophunzira womvera. Gologolo anamupeza.