Mbozi ya mu Mtanda wa Mkamwini

Panali munthu wina amene anakwatira kumudzi kwa eni. Monga mkamwini aliyense, anayenera kumanga nyumba. Koma anali waphuma, woiwala kuti kuthamanga si kufika. Anadula mtanda wa mombo mvula ili mkati. Sanausende makungwa, sanauviike m'matope a kudambo monga achitira akuluakulu. Anangoukweza padenga uli wauwisi.

Patapita zaka ziwiri, mkazi wake Nankhoma anabereka mwana wamkazi. Masiku omwewo pamphasa panayamba kugwa kaufa koyera. Munthuyo atayang'ana kumwamba anaona timabowo mu mtanda. Atatchera khutu anamva kukukuta.

Anatokosa bowo limodzi ndi nsonga ya mpeni, natulutsa mbozi ya chikumbu. Inali yoyera, yofewa ngati phala lozizira, timiyendo take tosathandiza kuthawa. Cholimba chinali mutu wokha, wofiirira, wa mano awiri akuda. Inalibe mbola, inalibe ululu. Chitetezo chake chinali kubisala basi. Ikamaboola mtengo, inkatseka njira kumbuyo ndi utuchi wake womwe kuti nyerere zisailondole.

Mankhwala anali amodzi: kusasula denga n'kuchotsa mtandawo. Koma denga silisasulidwa mobisa. Mudzi wonse ukanadziwa kuti mkamwini uja sadziwa mtengo. Ndipo iye ankaopa apongozi ake aakazi kuposa njoka; akawaona panjira ankapatukira kutchire, mwambo ndi mantha zitasakanizana. Choncho anakanda dothi, namata mabowo onse, nazira bwinobwino. Ufa unaleka kugwa. Nyerere zinasowa polowera. Ntchito imene mbozi inkavutika nayo yokha, mwini nyumba anaigwirira.

Koma kukukuta sikunaleke. Ankakumva akudya. Ankakumva ngakhale kumunda, kumene kulibe mtanda. Anayamba kuwonda, anthu n'kumati ndi malungo.

Tsiku lina masana, mvula itanyowetsa udzu wa padenga masiku atatu, Nankhoma anapita kuchitsime. Mwana anali mtulo pamphasa, bambo wake ali m'nyumba momwemo. Mwadzidzidzi mtanda unalira, thyo! Bamboyo analumpha naulandira paphewa, denga lonse n'kumutsamira. Kuti awerame atole mwana, sizikanatheka. Kuti asiye, anali maliro. Panja panali munthu mmodzi yekha, akupeta chimanga pabwalo.

"Amayi! Apongozi! Thamangani, mwana akufa kuno!"

Mayiyo anataya lichero, nalowa chokwawa. Anadutsa kunsi kwa mkono wa mkamwini amene chikwatirireni anali asanayang'anizane naye maso, nakokera mwana panja.

"Watuluka, bambo! Tayani, thawani!"

Anataya, koma denga linamupeza pakhomo n'kumuphwanya phewa. Mwana anapulumuka. Koma dzanja la bamboyo la mbali imeneyo silinagwirenso khasu, ndipo mwanayo anakula osanyamulidwa nalo. Mudzi wonse umene ankauopa unabwera kudzaona mtanda wothyokawo: kunja dothi lozira bwino, mkati mbozi zonenepa.

Inu amene mukundimva, mbozi ilibe mphamvu. Ngakhale khanda likhoza kuiphwanya ndi chala. Chimene chimainenepetsa ndi manyazi a mwini nyumba. Ngati kwanu kuli chinthu chikukukuta, lekani kumata dothi. Munthu amene mukumuopayo mudzamuitanabe. Muitaneni lero, mapewa akadali awiri.