Rauta ya Esinati ndi Nthutumba Imodzi

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi zishango ayi, kale la dzanadzanali, ku Balaka kufupi ndi njanji kunali mayi wina dzina lake Esinati. Ntchito yake inali yomvetsera mawu amene ofufuza za umoyo ajambula m'midzi, n'kumawalemba pa laputopu. Ofesi inali ku Lilongwe, koma iye ankagwirira ntchito pakhomo chifukwa anali ndi mapasa a miyezi inayi. Zolemba zonse ankatumiza kudzera pa rauta, kabokosi koyera ka intaneti kamene kankakhala pamwamba pa kabati.

Tsiku lina kunabwera uthenga wochokera ku ofesi. Akuti zimene odwala amanena n'zachinsinsi, choncho aliyense wogwirira ntchito kunyumba, rauta yake ikhale ndi VPN, kanjira kobisika kamene akuba a pa intaneti sangasuzumiremo. Amene sadzalumikiza pofika 12 koloko masana Lachisanu lomaliza la mweziwo, asamukire ku Lilongwe kapena asiyire ena ntchito.

Rauta ya Esinati inalibe kanjirako, ndipo ina yokhala nako m'Balaka monse munalibe. Opanga rauta anali atalonjeza kuti atumiza pulogalamu yatsopano, ija amati apudeti, "posachedwapa". Inu mumamudziwa posachedwapa. Ndi mphwake wa "ndili m'njira". Esinati anadikira sabata yoyamba, anadikira yachiwiri, yachitatu anataya mtima n'kuyamba kufunsa komwe anthu amapikula kaunjika. Mayiyu anaonda nazo, ndinamumvera chisoni ine.

Pakhomopo panali anthu ena atatu. Woyamba anali mlongo wake wamkulu, a Lufeyo, telala wosokera pakhonde, munthu wodekha mpaka kukwiyitsa. Ena onse atatopa, iwo anapitiriza kutsegula foni n'kudina pofunsira ngati apudeti yafika, katatu pa tsiku ngati mankhwala. Akawaseka ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Lachisanu lomalizalo anadina m'mawa, kunalibe kanthu. Cha m'ma 11 koloko, ali pakati popinda thalauzi, anadinanso. Anadzuka ndi tepi m'khosi akukuwa, "Esinati! Yafika!"

Esinati anathamanga ndi mwana kumsana, wina m'manja, n'kuwerenga mokweza zimene zinalembedwa pa fonipo: apudeti itenga mphindi makumi awiri, ndipo rauta ikathima ntchito ili mkati, ifa yonse, sidzayakanso. A Lufeyo anayang'ana babu, babu likuyaka bwinobwino. Anatukula chala kuti adine.

Wachiwiri anali mkazi wa a Lufeyo, a Nagama, amene ankakazinga mandasi panja. Za rauta sankazidziwa, ankangoitchula kuti kawailesi kosayimba. Koma pa zaka zonse zokhala panja ndi chiwaya, makutu awo anaphunzira chinthu chimodzi: chigayo cha kutsidya kwa njanji chikangokhala chete masana, pakapita kamphindi magetsi amathimanso kwawo kuno. Analowa m'nyumba manja ali ufa wokhawokha, n'kugwira dzanja la amuna awo m'malere.

"Abambo, chala icho pansi! Chigayo chasiya kulira."

"Mwina lamba waduka," anatero a Lufeyo.

"Lamba wake wa ndani? Tadikirani muone."

Asanathe kukangana, babu linathima. Onse anayang'anana. Rauta inapulumuka imfa, koma magetsi akapita nthawi ngati imeneyo ankabwerera madzulo, ndipo 12 koloko inali pafupi. Esinati anakhala pansi n'kuyamba kulira, mapasa nawo n'kumuthandiza.

Wachitatu anali mlongo wake wamng'ono, Yotamu, wa kabaza wa njinga yamoto. Tsikulo anali atatchena suti yatsopano, njinga ataipukuta mpaka kumadziyang'anirapo, chifukwa pa 12 koloko yomweyo ankayembekezeka ku Utale kukaonekera kwa malume a chibwenzi chake. Anali atakwera kale. Atamva kulirako anatsika, anasuzumira m'nyumba, anayang'ana wotchi, kenako anavula jekete.

"Achemwali, pukutani misozi. Kabokosika kamadya moto wofanana ndi wa batire la njinga."

Anamasula batire, anadula chingwe cha rauta ndi sizasi ya a Lufeyo, anapotokola mawaya, ndipo timagetsi ta kabokosi tinayamba kuphethira. A Lufeyo anayang'ana kaye akazi awo, ataona kuti avomera ndi mutu, anadina. Mphindi makumi awirizo maso a onse anali pa kabokosi. Mandasi anapserera panja, palibe anawakumbuka. Apudeti itatha, Esinati analowetsa manambala amene ofesi inamupatsa. Kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu kuti 12 ikwane, uthenga unabwera kuchokera ku Lilongwe: "Takuonani, mwalumikizika." A Nagama anaimba nthungululu mpaka anansi anabwera kudzafunsa ngati kwabadwanso mapasa ena.

Batire linayenera kukhala pomwepo mpaka magetsi abwere, ndipo njinga ya Yotamu inali zija zosalira popanda batire. Anabwereka njinga yakapalasa ya a Lufeyo, yopanda mabuleki, n'kukafika ku Utale cha m'ma 2 koloko, suti ili chonyowa ndi thukuta, girisi ali pamkono. Amalume anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kufunsa kuti, "Kodi mkamwini wa njinga yamoto uja ndi ameneyu?" Anamuuza kuti adzabwerenso mwezi wamawa, akadzaphunzira kuwerenga wotchi.

Loweruka masana Esinati anapha tambala wake wamkulu n'kuphika mpunga. Paja mukudziwa kuti nkhuku ili ndi miyendo iwiri ndi mapiko awiri, koma nthutumba ndi imodzi, ndipo pabanja limenelo sankaidula. Inkapita yathunthu kwa wamkulu, ndiye a Lufeyo anali atasamba kale m'manja. Koma Esinati, chimwemwe chitamukwera kumutu, anaiika m'kambale payokha n'kunena kuti, "Lero nthutumba sitiyendera kubadwa. Adye amene wapulumutsa ntchito yanga."

"Ndiye mwanena ine," anatero a Lufeyo. "Nonsenu munali mutataya mtima, mwiniwakenso akufunsa za kaunjika. Chipanda chala changachi, apudetiyo bwenzi mutaiona Lolemba, ntchito itapita."

"Chala chomwecho n'chimene chikanapha kawailesiko," anayankha a Nagama. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinagwira dzanja, mandasi anga a tsiku lonse n'kupserera. Mukanadina, lero bwenzi tili pamaliro a kabokosi, osati pa nkhuku."

Yotamu anaseka. "Achimwene anaona, alamu anamva, zikomo kwambiri. Koma kuona ndi kumva siziyatsa rauta. Inuyo mwataya mandasi, ine ndatsala pang'ono kutaya mkazi, ndipo ku Utale dzina langa tsopano ndi Wotchi."

Esinati anayang'ana mlongo wake wamkulu, anayang'ana mlamu wake, anayang'ana Yotamu, kambale kali m'manja. Ntchito anali nayo, ana ake anali oti akula mayi wawo ali pakhomo pompo, ndipo ankadziwa kuti pakanasowa mmodzi yekha mwa atatuwa, zonsezo zikanapita. Mpunga unazizira, supu anagwirana, kambale sikanatere pamaso pa aliyense.

Ine ndiye musandifunse, ndinangodya khosi n'kumapita. Koma inu amene mwamva nkhani yonseyi, tiuzeni: Esinati apereke nthutumba kwa ndani, kwa amene sanatope kudikira, kwa amene analetsa chala, kapena kwa amene anapereka batire n'kukachita manyazi kwa eni mkazi?