Masipika Anayi M'khoma la Greenwell

Greenwell sanabadwire khasu. Anakulira ku Matero, mu Lusaka. Zaka khumi ndi ziwiri anazithera m'kachipinda kapamwamba m'nyumba ya kanema, akuzunguza mafilimu. Kanemayo anatsekedwa chaka chija anthu ankafola pamzere wa ufa atagwira makuponi. Tauni inamulavula. Anatsatira mkazi wake Mainess ku Bundabunda, kwawo kwa mkaziyo, atanyamula TV, vidiyo, ampu yokwezera mawu ndi kajenereta kotsokomola.

Mainess anali ndi chuma chake. Ng'ombe ziwiri zolimira zimene malemu bambo ake anamusiyira, Sajeni ndi Kapiteni. Goli limodzi. Munda wa chimanga kuseri kwa chulu. Banjalo linkadya thukuta la ng'ombe ziwirizo.

Koma Greenwell maso ake sanali kumunda. Anali pachipinda chochezera.

"Amake Lister, muno muzankhala bayasikopo," anatero tsiku lina akuyeza makoma ndi mapazi. "Sipika kutsogolo, sipika kumbuyo. Ndeke ikapita mu filimu, munthu awerame, ayang'ane kumbuyo. Saundi imuzinge monga njuchi."

"Nanga munda?"

"Munda suthawa."

Anakwera basi kupita kwa Sanford, mnzake wokonza mawailesi kumsika wa mu Lusaka. Sanford anamuonetsa mitundu iwiri. Timasipika tinayi ta m'timabokosi tachitsulo, tochotsedwa m'basi yakufa, topepuka, tokoloweka ndi waya kudenga. Ndiyeno akuluakulu anayi a matabwa, onyezimira, kukamwa kwake kwa pepala lakuda kotambalala ngati lichero.

"Kumene muyenda uko, ba Green, nyumba ni ya simenti?"

"Nyumba ni nyumba."

"Nifunsa chabe. Tusimbi utu tulimba."

"Twa m'basi? Ine? Iwe, n'nali mu bayasikopo, sin'nali kondakitala."

Wamalonda satsekereza wogula. Sanford ananena kuti akuluwo sangachoke ndi ndalama ya masiku amenewo, yosungunuka ngati mchere. Ankafuna ng'ombe ya malowolo, chifukwa mng'ono wake ankakwatira ku Chongwe. Greenwell anavomera. Sanafunse kuti mabokosiwo amafuna malo otani. Sanafunsenso mwini ng'ombe.

Kapiteni anatuluka m'khola Loweruka m'mawa, Mainess ali kuchigayo. Pobwera mayiyo anapeza Sajeni akulira yekha, ndi mabokosi anayi pakhonde. Anatula thumba la ufa. Anayang'ana khola, kenako mwamuna wake.

"Atate ake Lister, goli ili na mitu ingati?"

"Nizakugulira ng'ombe zinayi ikafika Isitala. Anthu azabwera kuchoka ku Kanakantapa, uzaona."

"Mvula siyembekeza Isitala."



Ku kanema kuja mawaya sankaoneka. Masipika ankakhala m'kati mwa khoma, kuseri kwa nsalu. Greenwell anafuna zomwezo. Anagoba mapanga anayi m'makona a nyumba ya zidina. Analowetsamo mabokosi aja, thabwa kukhudza dothi. Pomata anakakumba dothi pa chulu cha kumunda, chifukwa linali losalala ndi lomata bwino. Chulucho chinali chamoyo.

Ackim, mlongo wake wa Mainess, anafika akumata bokosi lachitatu. Anaima pakhomo, chipewa m'manja.

"Mulamu, dothi iyi mwaitenga..."

"Mulamu, iwe udziwa ng'ombe. Ine nidziwa saundi."

"Ng'ombe mwaidziwa kupambana ine, mulamu. Mwaisandutsa mabokosi."

Ackim anaseka kuseka kouma, n'kuvala chipewa. Mawu otsalawo anapita nawo kwawo.

Ku Bundabunda kulibe munthu wogoneka thabwa padothi. Nkhokwe imakhala pamiyala. Nsanamira amazipaka oyilo wakuda wa injini. Sutikesi imakhala pamwamba pa zitini, phulusa litawazidwa pansi. Mayi aliyense wodutsa panjira akanamuuza. Koma mkamwini wa m'tauni ankayenda mphuno ili m'mwamba, ndipo anthu anamusiya ndi nzeru zake.

Mu Okutobala anayesa. Zinatheka. Ndege inabangula kutsogolo, inadutsa pamutu, inakathera kumbuyo. Nkhuku zinabalalika pabwalo. Greenwell anaima pakati pa chipinda, misozi m'maso. Kwa kanthawi anali munthu ndithu.

Koma kaseti anali nayo imodzi, yothaitha. Petulo analibe. Anaphimba mabokosi ndi nsalu zake, n'kukwera basi. Anati sabata imodzi. Mu Lusaka anamva kuti makaseti abwino ali ku Kabwe. Ku Kabwe anati ku Kitwe. Mapazi ake anali oyabwa chibadwire. Anatha masabata asanu ndi awiri.

Mvula inagwa iye kulibe. Sajeni anaima m'khola, khosi lopanda mnzake. Ng'ombe za Ackim zinali ndi minda itatu yoyembekezera, ndipo imodzi inkatsimphina. Mainess anatenga khasu. Analima mpaka zikhatho zinang'ambika. Anabzala kachigawo kakang'ono, mochedwa. Kwinako udzu unatenga.

Greenwell anabwera Khrisimasi itatsala masiku awiri, ndi makaseti asanu ndi chigubu cha petulo. Munda sanaufunse.

Tsiku la Khrisimasi masana, anthu atatuluka m'tchalitchi, mawindo anatchingidwa ndi masaka. Chipinda chinadzaza. Ena anakhala pamphasa, ena anasuzumira pakhomo. Kajenereta kanatsokomola, kanagwira. Chithunzi chinabwera. Munthu wa mufilimu anatsegula pakamwa.

Zii.

Greenwell anakweza ampu. Pakona yakumanja panamveka kafwee, ngati nkhalamba ikupuma. Fumbi lofiira linatuluka m'nsalu. Anakwezanso. Fungo la waya wopsa linadzaza chipinda.

Anang'amba nsalu yoyamba. Chala chake chinalowa m'thabwa ngati m'phala. Pepala lakuda lija kunalibe. M'malo mwake munali dothi, tinjira tokhotakhota, ndi chiswe choyera chikuthawa kuwala. Anathamangira kona yachiwiri. Yachitatu. Yachinayi. Monsemo chimodzimodzi. Chinatsala ndi zitsulo zozungulira zinayi, zolemera, zosalankhula.

Palibe anaseka. Chimenecho chinamuwawa koposa. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, akupukuta fumbi pa zovala za Khrisimasi.

Ackim anatsalira. Anatola kachidutswa ka thabwa, kanafumbutuka m'manja mwake.

"Waya chabe, mulamu. Kupachika kumwamba, kutali na khoma. Olo miyala inayi na phulusa."

"N'chifukwa chani sunakambe?"

"N'nayamba. Munati nidziwa ng'ombe."

Greenwell anakhala pansi, pakati pa makona anayi aja. Kunja Sajeni analira. Mainess analowa, nazimitsa TV. Manja ake anali omangidwa nsanza. Sanakweze mawu.

"Tiyeni mukaone munda."

Anamutsatira. Anadutsa chulu chija, bala la khasu lake likuonekabe, chiswe chitalimata kale. Kuseri kwake kunali mizere yowerengeka ya chimanga chachikasu, chofika m'mawondo. Kutsogolo udzu. Kumbuyo udzu. Kumanja ndi kumanzere udzu.

"Munafuna chinthu chotizinga mbali zonse," anatero Mainess. "Chizabwera mu Febuluwale, ni njala. Sichifuna petulo."

Greenwell anatsegula pakamwa ngati munthu wa mufilimu uja. Mawu sanatuluke.

Uchi unali pafupi. Sanford anali nawo, Ackim anali nawo, mkazi wa m'nyumba mwake anali nawo. Funso limodzi likanasunga Kapiteni pagoli. Koma pakamwa podzaza ndi kudziwa sipalowa funso, ndipo akale sananame: safunsa anadya phula.