Tsamba la Amayi Oumba Mbaula

Panali mayi wina, dzina lake Nagama, amene ankatsogolera gulu la amayi oumba mbaula zadothi. Mbaulazo zinali zolimba, koma ogula anali kutali. Amayiwo anagwirizana zotsegula tsamba la pa intaneti kuti katundu wawo azioneka kutali komweko.

Nagama anali ndi mlamu wake ku tawuni, munthu wodziwa makompyuta komanso wamtima wabwino. Mlamuyo anati njira zilipo ziwiri. Ina ndi pulogalamu imodzi yokhala ndi zonse m'kati mwake: zithunzi, mauthenga ndi polembetsa ogula. Ina ndi kutola chida chabwino kuno, china uko, n'kuzilumikiza.

"Imodziyo ndi ya anthu aulesi, alamu," iye anatero. "Ili ngati yunifomu, aliyense amaoneka chimodzimodzi. Ndisiyireni ine."

Mlamuyo anasankha yolumikizayo. Zithunzi anaziika kwina, mauthenga kwina, polembetsa ogula kwinanso. Chida chilichonse chinali ndi mawu ake achinsinsi olowera, ndipo onsewo ankawadziwa iye yekha. Tsambalo linakongoladi. Ogula anayamba kubwera.

Kenako m'mudzimo munagwa maliro. Mukudziwa nonse kuti pa maliro uvuni sayatsa, katundu sapakira. Nagama anaimbira mlamu wake kuti alembe patsamba kuti malonda ayima. Mlamu analemba pa chida cha mauthenga, n'kubwerera ku ntchito yake. Koma chida cholembetsa ogula chinali cha eni ena, ndipo sichinamve kanthu. Chinapitiriza kuuza anthu kuti mbaula zilipo, bwerani.

Amayi ali m'kati moimba pasiwa, lole inaima pamsewu. Munatsika wogula wawo wamkulu, amene anayenda ulendo wautali. Nagama anadzuka pakati pa olira n'kupita kukamulonjera, maso a mudzi wonse ali pamsana pake. Wogulayo anapepesa maliro mwaulemu, kenako anamuonetsa foni.

"Mayi, tsamba lanu lili ndi pakamwa pawiri. Apa likuti musabwere, apa likuti bwerani. Ndimvere pati?"

Lole inabwerera yopanda kanthu. M'mudzi anayamba kunena kuti gulu la Nagama limaitanira malonda pa maliro.

Atatha maliro, Nagama anakwera minibasi n'kupita ku tawuni. Sanakalipe. Anakhala pampando, n'kunena kuti zonse zichotsedwe, ziikidwe mu pulogalamu imodzi ija, ndipo mawu olowera apatsidwe iye.

Mlamu anaseka. "Alamu, mwayamba kuwerenga dzana lomweli ku sukulu ya kwacha. Lero mukufuna kuyendetsa tsamba?"

"Eya."

"Lidzaoneka ngati la wina aliyense. Komanso eni pulogalamuyo akadzasintha zinthu, mudzangotsatira. Mulibe pothawira."

"Ndamva. Zimenezo ndazisenza. Koma pasiwa paja ndinaima ndine, inu kunalibe."

Mlamu anachita zimene anauzidwa. Tsamba latsopanolo silinali lokongola ngati loyamba lija. Ena m'gulumo anadandaula. Wogula wamkulu uja sanabwerenso.

Mvula itafika, madzi anakokolola mlatho wolowera m'mudzimo. Nagama anapukuta dothi m'manja, anatenga foni, n'kulemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, kuti msewu waduka. Analemba pamalo amodzi, ndipo tsamba lonse linamvera. Palibe galimoto imene inakaima pamtsinjepo. Msewu utakonzedwa, anatsegulanso malonda yekha, osapempha munthu.

Tsopano inu, amayi ndi abambo a m'kalasi muno, lekani kundiyang'ana ngati nkhaniyi ndi ya ku tawuni. Magulu anu a uchi ndi a mphasa ayamba kale kufunsidwa za masamba a pa intaneti. Sindikuti zida zolumikiza n'zoipa. Kwa amene ali ndi munthu woziyang'anira tsiku ndi tsiku, zimagwira ntchito bwino, mwinanso kuposa. Koma wina akadzabwera ndi zokongola zake, musadzafunse za kukongola. Mudzafunse kuti: zinthu zikasintha lero, adzalembe ndani, ndipo adzalembe m'malo angati? Ngati yankho ndi munthu amene muyenera kumudikira, kanani. Adzakuuzani kuti simungathe. Anakuuzaninso choncho za kulemba dzina lanu, ndipo mukulilemba.