Maikolofoni Yosamva za Pakhomo

Ntchito ya Nyenje inali pakamwa. Dzinali anamupatsa ndi abambo ake ali wamng'ono, chifukwa akayamba kulankhula m'mawa ankasiya dzuwa litalowa, ndipo atakula pakamwa pomwepo ndi pamene pankamudyetsa. Ankajambula mawu a malonda a pa wailesi, ndipo Loweruka lililonse ankatulutsa pulogalamu yake pa intaneti. Situdiyo yake inali chipinda chake chogona: tebulo, laputopu, mahedifoni, ndi bulangete lakale lokhomedwa pazenera.

Vuto linali kuseri kwa khoma. Abambo ake, telala wopuma pantchito amene manja ake anakana kupuma, ankakhala pabalaza ndi makina awo opalasa ndi phazi. Chimwalirireni amayi, m'nyumbamo munatsala awiriwo basi, poti mlongo wake wa Nyenje ankagwira ntchito kutali. Akamasoka, mdalayo ankaimba nyimbo imodzi yomweyo, imene anaipeka okha pofunsira malemu akazi awo. Pa mzere wachitatu ankalakwitsa dala kuti adziseke okha. Tsono maikolofoni ya Nyenje inali ya kondensa, ya makutu ngati munthu wamiseche. Inkatola zonse: makina, nyimbo, chifuwa, ngakhale sizasi ikagwa pansi.

Tsiku lina kampani ya sopo inamubwezera ntchito.

"Mawu anu alibe vuto," anatero bwana wa malonda pafoni, "koma kumbuyoku kukumveka agogo akuimba. Ife timagulitsa sopo, mayi, sitinaitanitse kwaya."

Nyenje anaseka nawo, koma manyazi anamugwira. Masana omwewo anali m'sitolo ya zipangizo zojambulira mawu, akulongosola tsoka lake.

Wogulitsa, bambo wodekha wa magalasi, anatulutsa maikolofoni yakuda, yolemera m'manja. "Inu mukufunika ya dayinamiki. Iyi ndi yogontha mwadala. Imamva amene waisendeza pakamwa, mtunda wa zala zitatu basi. Wa kumbuyo kwake kapena wa pakhomo, kwa iyo ndi mphepo chabe."

"Imeneyo ndiye ndimaifuna."

"Koma yakaleyo musaitaye. Tsiku lina mudzafuna kujambula chipinda chonse."

"Chipinda chonsecho ndi chimene chandichotsa ulemu," anayankha Nyenje, akulongeza kale yatsopanoyo m'chikwama.

Tisamunamizire, kusankhako anasankha bwino. Atayesa kunyumba, mawu ake anatuluka oyera, onenepa, makina a abambo osamveka ngakhale pang'ono. Cholakwa chinabwera pambuyo pake. Chifukwa cha manyazi aja, anafufuta zonse zimene anajambula m'zaka zitatu, zina zili mu laputopu, zina pa intaneti, kuti munthu asadzamvenso kuti iye anayambira m'phokoso. Maikolofoni yakale anaiponya m'katoni pamwamba pa wadirobu.

Patapita masiku, abambo anaima pakhomo la chipindacho, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Nyenje, chida chatsopanochi chimatha kugwira mawu a nkhalamba?"

"Chimatha, bambo, mukachiyandikira."

"Ndiye undijambuleko kanyimbo ka amayi ako kaja. Adzukulu adzadziwe kuti agogo awo anali ndi mmero."

"Mawa, bambo. Lero ndili ndi ntchito ya banki."

"Mawa ndi pafupi," anatero mdalayo, nabwerera ku makina awo.

Koma mawa la munthu wotanganidwa limabereka mawa linzake. Ntchito zinachuluka: a banki, a mafoni, a inshuwalansi, onse ankafuna mawu oyerawo. Nyenje ankalowa m'chipinda m'mawa, kuvala mahedifoni, n'kutuluka kukadya ataimirira. Abambo anafunsanso kawiri, ndipo kawiri konse anauzidwa mawa.

Lachisanu lina, iye akuwerenga malonda a inshuwalansi, abambo anakankha chitseko pang'onopang'ono naima pakhomo. Anali atavala jekete lawo labwino. Sanapemphe kanthu, anangoyamba kuimba chapansipansi. Nyenje anawaona ndi ngodya ya diso. Anakweza dzanja kuti awatontholetse, koma atayang'ana pa laputopu anaona kuti nyimboyo siikulowa. Mtima unakhala pansi, ndipo anapitiriza kuwerenga, akuyamika wogulitsa uja chamumtima. Mdalayo anaimba mpaka kumapeto, anadikira pang'ono, kenako anakoka chitseko. Sanadzafunsenso.

Lachitatu la sabata yotsatira makina sanalire. Nyenje sanadziwe, poti makutu ake anali m'mahedifoni. Anamaliza malonda awiri asanatuluke kukamwa madzi. Anapeza abambo ake atakhala pampando wawo, mutu utawerama, ulusi uli m'manja, thupi litayamba kale kuzizira.

Maliro atatha, anthu atabalalika, mlongo wake atabwerera kuntchito, foni inalira. Anali mlongo wake yemweyo.

"Achemwali, inu mumajambula tsiku ndi tsiku m'nyumbamo. Munditumizireko mawu a bambo. Mwana wangayu akundifunsa kuti agogo ankaimba bwanji, ndiye ine nyimboyo ndaiwala pakati."

"Ndiyang'ana," anatero Nyenje.

Anayang'ana masiku atatu. Mu laputopu munali mawu ake okhaokha, maola ambirimbiri, oyera ngati mbale yotsuka. Anapeza za Lachisanu lija, nakweza voliyumu mpaka kumapeto. Mawu ake anagunda m'makutu, akulonjeza kuti inshuwalansi imasamala okondedwa anu. Pamene ankapuma kuti akoke mpweya, anatchera khutu ndi mtima wonse. Kunkangomveka kuti fuu, ngati tayala lotuluka mphepo. Anabwereza malo amenewo kambirimbiri, mpaka makutu anawawa.

Anataya manyazi naimbira bwana wa sopo uja, kufunsa ngati ntchito imene anaibweza ija ilipo.

"Zobwezedwa timafufuta tsiku lomwelo, mayi. Bwanji, muli china chofunika?"

"Munali bambo anga," anayankha, nadula foni.

Anayesa kuimba yekha kuti atumize. Mizere iwiri yoyamba inabwera. Pa wachitatu anaima, chifukwa ankadziwa wolakwitsa dala uja, nawonso mwa theka. Weniweniwo sanaufunsepo, ndipo woti n'kumufunsa panalibenso.

M'mawa mwake anakwera pampando natsitsa katoni ija. Anapukuta fumbi pa maikolofoni yakale, anailumikiza, natsegula chitseko chonse kuti imve mpaka pabalaza. Inamva zonse monga kale. Inamva wotchi ya pakhoma, mpopi ukudontha kukhitchini, firiji ikung'ung'udza, ndi mpweya wake womwe ukunjenjemera. Makina a telala anali duu pakona, atafundidwa nsalu. Nyumbayo tsopano inali yabata moti akanatha kujambula ndi maikolofoni iliyonse, kampani iliyonse osadandaula.

Nyenje anakhala pomwepo, mahedifoni ali m'makutu, akumvetsera nyumba yopanda munthu. Anawasowa abambo ake ndi chifuwa chawo chomwe, ndipo analira mosabisa, maikolofoniyo ikutola kulira konse. Phokoso limene ankalithawa ndi limene linkamuuza tsiku lililonse kuti sali yekha. Paja akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.