Wantchito Wachisanu ndi Chinayi

Mumzinda wa Blantyre munali munthu wina, katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta. Anagwira ntchito pakampani ina yaing'ono zaka khumi ndi ziwiri, mpaka imvi zinamumerera ali pampando womwewo wapafupi ndi zenera. Chinthu chikavuta, onse ankathamangira kwa iye, ndipo iye zinkamukomera kwambiri ngakhale sankanena.

Musachite mantha, inu amene kompyuta mumangoionera kubanki. Nanenso ndinachita kufunsa. Akuti pulogalamu yaikulu siigwira ntchito ndi dzanja limodzi. M'kati mwake mumakhala antchito angapo osaoneka, eni ake amawatcha mathiredi, ndipo onse amathamanga nthawi imodzi. Onsewo amalemba ndi kuwerenga pamalo amodzi osungira zinthu, otchedwa memole, ngati ana ambiri olemba pabolodi limodzi. Zikasokonekera, pamafunika chida chosuzumira m'katimo kuti muone zimene zalembedwa. Chida chimenecho amachitcha dibaga.

Munthu wathuyu anali ndi dibaga yakeyake, yopanga yekha. Kagwiridwe kake kanali kotere: inkayamba yalamula kuti aliyense amalize chimene wagwira, aime. Onse akaima, ndiye inkawerenga bolodi lija. Mukudziwa mmene kalasi limakhalira ahedi akalowa. Phokoso lonse zii, aliyense maso pabuku, ngakhale uja anaimirira padesiki. Dibaga yake inkaona kalasi lotero tsiku ndi tsiku.

Analinso ndi kachizolowezi kamene ofesi yonse inkakadziwa. Akafuna nambala iliyonse yongoyesera, zala zake zinkalemba zokha 4417, nambala ya njinga yamoto yake yoyamba. Anzake ankamuseka. "Akulu, njinga ija munagulitsa kalekale, koma ikuyendabe m'makompyuta muno!" Iye ankaseka nawo.

Chaka china kunabwera mayi wina dzina lake Mwandida. Anamulemba ntchito mongomuyesa kwa miyezi itatu. Anali wofatsa, wosalankhulalankhula, ndipo mkuluyu ankamutcha "amayi" koma osamuwerengera. Mwezi wachitatu usanathe, Mwandida anapanga dibaga yatsopano. Imeneyi siinkaimitsa aliyense. Inkasuzumira pulogalamu ili mkati mothamanga, antchito onse ali kalikiliki, n'kuwerenga zimene zili pabolodi nthawi yomweyo.

Tsiku limene anaionetsa, bwana wa kampani, a Kamtedza, anaimirira kumbuyo kwa mpando wa Mwandida n'kuwomba m'manja. Mkulu uja nayenso anawomba, koma mtima unamuwawa. Zaka khumi ndi ziwiri palibe anamuwomberapo m'manja. Mawa lake anaona anzake awiri akudutsa pazenera pake osaima, ulendo wokafunsa nzeru kwa Mwandida. Anayamba kuwerenga anthu opita kumeneko. Mayiyo akaseka, iye ankaganiza kuti akuseka dibaga yake yakale. Tiyi wa muofesi anasiya kukoma. Tiitchule ndi dzina lake, abale anga: inali nsanje.

Lolemba lotsatira a Kamtedza anamuitana. "Akulu, wodalirika muno ndinu. Chiyeseni chida cha mayiwa. Chikapambana, ntchito ailowa. Chikalephera, Lachisanu tidzatsanzikana nawo."

Taonani, ntchito ya munthu yaikidwa m'manja mwa amene akumuchitira kaduka.

Anayamba bwino, tisamunamizire. Analemba kapulogalamu koyesera, n'kuikamo antchito asanu ndi atatu, onse othamanga. Pakona pa bolodi anaikapo nambala 100, imene wantchito aliyense sankaloledwa kuikhudza. Kenaka anauza dibaga ya Mwandida kuti iwerenge pakona pamenepo kokwana chikwi, pulogalamu isanaime. Ikawerenga 100, pasikirini pankatuluka mzere wobiriwira. Ikawerenga china, mzere wofiira.

Mizere yonse inatuluka yobiriwira. Anabwereza, yobiriwira. Anawasenzetsa antchito aja katundu wolemera kuti apikisane, yobiriwira. Lachiwiri lonse, Lachitatu lonse, anasakasaka kofiira ngakhale kamodzi kokha, osakapeza. Chida cha mayiyo chinali chabwino, ndipo iye anadziwa kuti n'chabwino kuposa chake.

Lachinayi masana anzake anapita pachiwaya kukadya tchipisi. Iye anati sakumva njala. Anatsala yekha, pepala la lipoti lili patsogolo pake. Akanatha kulemba mawu amodzi okha, akuti chapambana, n'kukadya tchipisi ngati anthu. Koma anayang'ana mpando wa Mwandida, nakumbukira kuwomba m'manja kuja.

Ndiye anaonjezera wantchito wachisanu ndi chinayi. Ameneyu ntchito yake inali imodzi: kuthamangira pakona paja, kufufuta 100, kulembapo nambala yabodza, kenaka kuifufuta n'kubwezerapo 100, zonsezi mwachangu kuposa kuphethira kwa diso. Mkuluyu anadziona wochenjera. Dibaga yake yakale ikalamula kuti aliyense amalize aime, wachisanu ndi chinayiyo ankamaliza, n'kubwezera 100, n'kuima ngati wosalakwa. Koma dibaga ya Mwandida, poti siimitsa munthu, nthawi zina inkapeza nambala yabodza ija, n'kuoneka ngati ikunama ndi iyo.

Anayesa. Mizere yofiira inayamba kutuluka. Munthu wamkulu, waimvi, anamwetulira yekhayekha muofesi. Anaiwerenga ndi chala, inakwana makumi atatu ndi isanu ndi iwiri. Chimwemwe chinamuchulukira moti sanatsegule ngakhale mzere umodzi kuti aone zimene zili m'kati mwake.

Lachisanu m'mawa onse anasonkhana, sikirini yaikulu ili pakhoma. Mkulu uja anayamba ndi dibaga yake: 100. Anabwereza: 100. Kenaka ya Mwandida: kobiriwira, kobiriwira, kofiira, kobiriwira, kofiira.

"Ndachita chisoni, bwana," anatero ndi mawu aulemu. "Mayiwa anayesetsa, koma chida chawo chimanama."

A Kamtedza anapukusa mutu. Mwandida misozi inali lengelenge, pakuti anali ataika mtima wake wonse pa ntchito imeneyo. Anaimirira nati, "Bambo, ndisanapite ndikupempha chimodzi. Tsegulani mzere umodzi wofiira, ndione bodza limene chida changa chikunena."

Pempho lotero ungalikane bwanji pagulu? Anatsegula. Pakhoma panatuluka nambala, zilembo zikuluzikulu: 4417.

Mmodzi wa anzake anayamba kuseka mwachizolowezi, koma kuseka kunamuthera pakhosi. Mkulu uja anatsegula mzere wachiwiri, 4417. Wachitatu, 4417. Zala zija zinali zitalemba zokha, monga mwa masiku onse. Mwandida anauza chida chake kuti chionetse antchito onse amene akuthamanga, ndipo anaoneka asanu ndi anayi.

A Kamtedza anafunsa pang'onopang'ono. "Akulu, munati munaikamo antchito angati?"

"Asanu ndi atatu, bwana."

"Nanga njingayi wakwera ndani?"

Mwandida analowa ntchito tsiku lomwelo. Mkulu uja a Kamtedza sanamuchotse ntchito, koma sanamupatsenso chinthu cha munthu wina kuti achiyese. Anakhalabe pafupi ndi zenera paja, ndipo palibe ankathamangirako. Mwandida ankamupatsa moni m'mawa uliwonse, ndipo moni umenewo unkamupweteka kuposa kumutukwana.

Abale ndi alongo, tanthauzo lake nali. Ambiri a ife timayesa mitima yathu ndi dibaga yakale ija. Lamulungu likafika timalamula zonse ziime. Lilime liime, maso aime, manja apindike. Takhala pabenchi, tavala zoyera, ndiye tisuzumira mumtima n'kupeza 100. Timati, "Zikomo Ambuye, ine ndilibe chifukwa ndi munthu." N'zoona, pa ola limenelo mulibe. Nsanje ndi yochenjera, imadziwa kuima ikamva belu la tchalitchi.

Koma imagwira ntchito moyo ukamathamanga. Imalemba pamene mwana wa neba wasankhidwa kupita kusekondale wanu atatsala. Imalemba pamene nyimbo imene munkatsogolera m'kwaya yapatsidwa kwa wina, ndipo waiimba bwino. Imalemba n'kufufuta msangamsanga, nkhope ikumwetulira, pakamwa pakuti, "Tikuthokoza Mulungu chifukwa cha inu."

Sindikunena inu nokha. Mwezi watha kunabwera mlaliki mlendo pagome lino. Potuluka ndinakumvani pakhomo apo mukuti, "Koma lero ndiye tadya mawu!" Ine ndalalikira pano zaka zisanu ndi chimodzi, mawu amenewo sindinawamvepo. Ndinamugwira chanza mlendoyo ndi manja awiri, ndikumwetulira. Koma m'kati muno wina anathamanga, analemba nambala yake, n'kufufuta. Inu simunaone. Ine ndemwe ndikanakana mukanandifunsa.

Mulungu sadikira kuti tiime kaye. Amawerenga mtima uli pa liwiro, pamsika, muofesi, pakhomo la tchalitchi, m'kamphindi kaja kamene timati palibe waona. Ndipo akatsegula mzere wofiira, sapezamo nambala ya Satana kapena ya mnzanu amene wakuposaniyo. Amapezamo yanu, imene zala zanu zinazolowera.

Choncho musadziyese lero lokha, muli phee pabenchi. Dziyeseni mawa, pa nthawi imene mnzanu akuwomberedwa m'manja. Mukamumva wachisanu ndi chinayi akuthamanga, musamubise, musamubwezere 100. Mugwireni pomwepo, mupite naye kwa Ambuye, munene kuti, "Uyu ndi wanga, ndinamuikamo ndine, mundichotsere." Ndi bwino kumutulutsa nokha muli chogwada, kusiyana n'kudzamuona pakhoma anthu onse akuyang'ana, wina akufunsa kuti njingayi wakwera ndani.